Tsiku Limene Chipewa Anagwanso

Amuna anga ndi kalipentala. Ndayamba ndi mawu amenewa dala, chifukwa mukafunsa aliyense mumsewu mwathu kuti bambo wa pashedi ya matabwa paja ndi ndani, palibe angakuuzeni za mipando kapena zitseko. Adzakuuzani kuti ndi Chipewa, wakuba ana wa mufilimu ija.

Filimuyo inajambulidwa kalekale, ine ndidakali mtsikana wophunzira kusoka. Iwo anangopitako kukakhoma zitseko zabodza pamalo ojambulira. Mlembi wa filimuyo atawaona anasiya zimene amachita n'kuyamba kuwazungulira ngati akugula mbuzi. Munthu wamtali, wowonda, masaya olowa, chipsera cha sowo pachibwano. Anawauza kuti nkhani iliyonse ili ndi mipando yake yodziwika: wa ngwazi, wa mayi wolira, wa nkhalamba yolangiza, wa chitsiru choseketsa anthu, ndi wa munthu woti ana azimuopa. Ati ina yonseyo inali ndi eni ake kale, wotsala unali umodzi. Amuna anga, ndi ulemu wawo wonyanyawu, anakhalapo.

Ndiye filimu yakeyo kukana kufa. Zinzake zimabwera n'kupita, iyi ayi. Sukulu zikangotsekera amaionetsanso pa TV, m'mabasi a mtunda wautali imakhalamo, m'mafoni mwa anthu ilimo. Zithunzi zinasuluka, mawu amachita phokoso ngati mvula padenga, koma agogo, makolo ndi ana onse amailoweza pamtima. Ndipo ndisakunamizeni, ndi filimu yabwino. Chimene chimandipsetsa mtima n'chimenecho.

Anzawo aja mipando yawo inawakomera. Amene anali ngwazi saima pamzere paliponse, anthu amamupatsa njira. Mayi wolira uja amamukumbatira pamsika. Chitsiru chija mpaka lero chikutsatsa sopo. Koma anga akakwera minibasi, mpando wa pambali pawo umatsala wopanda munthu ngakhale ena atapanikizana. Azimayi amakokera ana kumbuyo kwa nsalu. Mwana wathu wamwamuna anakula ndi zibakera kusukulu chifukwa cha dzina limeneli, ndipo atapeza ntchito anasankha yakutali.

Iwo sanadandaulepo. Anangosiya zinthu. Chipewa savala, dzuwa liwotche bwanji dazi lawo. Mluzu saimba, ndiye tangoganizani kalipentala wopala thabwa tsiku lonse kukamwa kuli chete. Zidakwa zikawapempha kuti anene mawu a mufilimu aja, amangomwetulira n'kuyang'ana msomali umene akukhoma.

Ngati muli m'gulu la anthu ochepa amene sanaionere, muyenera kudziwa gawo limodzi lokha. Kumapeto, kamwana kamabisala, Chipewa n'kumayenda pang'onopang'ono akuimba mluzu. Chida chake chachikulu ndi kutsanzira mawu a mayi wa mwana. Ana ena onse anagwidwa chifukwa anayankha. Aka ndi kochenjera: sikayankha aliyense, ngakhale mayi ake enieni akuitana akulira. Kamatuluka pokhapo mluzu utadukira pakati, Chipewa atagwa pansi n'kunena kuti, "Tuluka, mwana iwe. Chipewa wagwa, sadzukanso." Kenako kamatola chipewa n'kumuphimba nacho kumaso. Ana a mumsewu mwathu anasandutsa gawo limeneli masewero. Mmodzi amakhala Chipewa, ena n'kubisala, ndipo amasewera pamaso pa amuna anga penipeni, opanda ndi manyazi omwe.

Tsiku limene ndikunenali kunatentha kwabasi. Filimu ija inali itaonetsedwanso dzulo lake. Ine ndinali pakhonde ndi makina anga, chifukwa shedi inalumikizana ndi nyumba yathu, iwo akupala matabwa a wadilopu. Chakumasana ndinamva mayi wa saluni ya patsidya akuitana mwana wake. Kamtsikana kake n'kakang'ono, sikanayambe sukulu, ndipo tonse timakatcha Kadontho. Kanali ndi chizolowezi chobwera pakhomo pa shedi kudzatola zopala za matabwa zopotana zija kuti kazisomeke m'tsitsi. Sikankalankhula nawo amuna anga, kankangowayang'ana cham'mbali. Iwonso ankasesera zazitali kukhomo ngati kuti zangochitika mwangozi.

Kuitana koyamba kunali kwa mayi wotopa. Patapita nthawi mawu anasintha. Mayi aliyense amakudziwa kusintha kumeneko, ndipo ine phazi linaima lokha pamakina. Anthu anayamba kutuluka m'mashopu. Anayang'ana m'migolo, m'ngalande, kuseri kwa zimbudzi. Ana anzake atafunsidwa anangoyang'anana, ena n'kuyamba kulira. Wina anati waimbira apolisi, koma polisi ili kutali ndi kwathu.

Amene anapeza patapata anali makaniko wa galaja ya kumapeto kwa msewu, mchimwene wake wa mayi wa saluni. Kanali kapatapata kamodzi kofiira, mu utuchi, pakhomo pa shedi yathu. Anakanyamula m'mwamba kuti aliyense akaone. Ndinaona mitu ya anthu ikutembenukira kwathu pamodzi.

Sanapemphe kulowa. Anakankha amuna anga pambali, kugwetsa benchi, kukhuthula bokosi la zida, kuswa chitseko cha wadilopu chimene chinali chisanaume ndi guluu yemwe. Atatha kumeneko analowa m'nyumba. Anthu amene ndimawasokera mayunifolomu a ana awo anasuzumira pansi pa bedi langa, kuvundukula matilesi, kutsegula ndi firiji yomwe. Ndinawatukwana, sindikubisa. Ndinawatchula mmodzimmodzi, ndi amene anawabereka omwe. Palibe anandimva.

Panja ndiye panadzaza, ndi anthu achilendo omwe, odutsa ndi njira amene anangomva kuti Chipewa wagwidwa. Ndinamva mzimayi wina akuuza mnzake kuti iye ankadziwa kale, munthu sangachite bwino chonchija zinthu zimene sanazichitepo. Mnzakeyo anavomera kuti maso aja si a sewero. Kumbuyo kwa gulu mnyamata wina ankagubuduza tayala lakale kuchokera kugalaja, pang'onopang'ono, ngati munthu amene sakufuna kufunsidwa. Nditaliona tayalalo kutukwana konse kunandithera.

Amuna anga anali ataima chotsamira khoma la shedi, manja ali mbuu ndi utuchi. Makaniko ankawagwedeza ndi kolala, kuwafunsa kumene amuika mwana. Iwo sankamuyang'ana. Maso awo anali kumsewu, pamalo amene ana amasewerera, ndipo milomo inkagwedera ngati munthu amene akuwerengera thabwa. Ndinadzipanikiza pakati pa anthu mpaka ndinafika pambali pawo. Anandifunsa chapansipansi ngati ndinaona amene anali Chipewa m'masewero a m'mawawo. Ine kumva zimenezo mutu unaima. Anthu akufuna kukuwotchani, inu mukufunsa za masewero? Koma anaumirira, ndiye ndinakumbukira kuti anali mwana wa mayi wogulitsa makala, ndipo mayi akewo anabwera kudzamukoka khutu kuti akadye.

"Anamutenga asanagwe," anatero amuna anga. "Masewero aja sanathe."

Mayi wa saluni anali atakhala pansi m'fumbi, mawu atasasa, koma akuitanabe. Amuna anga anadzimasula kwa makaniko n'kuwerama pafupi naye. Anamupempha kuti asiye kuitana. Anthu anachita phokoso loopsa, poti ndani angauze mayi zoterozo? Makaniko anati onani, akumuseka mlongo wanga. Koma iwo anapitiriza, mawu ali pansi, kuti mwanayo ali pafupi ndipo akumva, koma akamamva mawu a mayi ake ndiye akubisala kwambiri, chifukwa akuganiza kuti ndi Chipewa akutsanzira.

Ndinaona nkhope ya mayiyo ikusintha. Anati dzulo ankaonera limodzi filimu ija, mwanayo ali pamiyendo pake, ndipo pagawo lija anatembenuka n'kumuuza kuti, amayi, ine sindingayankhe ngakhale mutalira. Iye anaseka, ati anamuyamikira kuti ndi wochenjera. Kenako anadzuka n'kuuza mchimwene wake kuti, "Asiyeni ayese." Makaniko anayankha kuti ayese, koma zikakanika asadzanene kuti sanachenjezedwe.

Apo amuna anga anapempha chipewa. Ndinawagwira mkono n'kuwauza kuti apenga, anthu awa akawaona atavala chipewa ndiye atha. Mwana akumva ndi makutu, chipewa n'cha chiyani? Anandiyankha kuti popanda chipewa mawu aja sabwera. Zaka zonsezi ndinali ndisanawamvepo akunena chilichonse chokhudza mmene ankachitira sewero lija. Mkulu wina wosoka nsapato, amene amakhala pansi pa mtengo pafupi ndi mpopi, anavula chake chakuda chothetheka n'kuwapatsa, osawayang'ana kumaso.

Anachivala n'kuchikokera pamphumi. Abale, ndakhala ndi munthu ameneyu moyo wanga wonse, ndimadziwa ndi mmene amatsokomolera. Koma amene anaima pamenepo sindinamudziwe. Phewa limodzi linatsika, khosi linatalika, manja analendewera ngati alibe mafupa. Kenako mluzu. Unayamba chapansi, wautali, wozizira, womwe uja umene tonse takhala tikuuopa. Gulu lonse linabwerera m'mbuyo lokha. Ana amene anali pamenepo anakuwa n'kukakamira miyendo ya amayi awo. Ineyo tsitsi linandiimirira, ndipo ndinadzida chifukwa cha zimenezo.

Anayamba kuyenda pakati pa msewu akukoka mwendo umodzi, anthu akutsatira chapatali, tayala lija likubweranso m'mbuyo. Msewu wathu sunakhalepo chete chonchija. Wailesi za m'mashopu anazimitsa. Atafika pampopi, pamene ana amakonda kubisala kuseri kwa migolo, mluzu unaduka. Anagwa chammbali, chipewa n'kugubuduka, ndipo mawu aja anatuluka, osasa, ochokera pansi pa chifuwa.

Tinadikira. Kunangomveka madzi akudontha pampopi. Mayi wa saluni anadzitseka pakamwa ndi manja onse awiri kuti asaitane. Palibe anatuluka.

Mwala unachokera kumanzere kwanga. Ndinauona ukuchoka m'dzanja la makaniko, ndipo zimenezi ndidzanena paliponse. Unawapeza amuna anga pamwamba pa khutu akudzuka. Magazi anatsika msanga mpaka pakolala. Anthu anayamba kuyandikira, ena akuwerama kutola miyala yawo. Sindikudziwa kuti ndinafika bwanji kutsogolo kwawo. Ndinangozindikira ndaima pakati, sizasi yanga yosokera ili m'manja, imene sindinadziwe n'komwe kuti ndinanyamuka nayo pakhonde. Sindinakuwe. Ndinangowauza kuti amene akufuna ayambe ndi ine, ndipo ndikumudziwa aliyense ndi kumene amagona.

Sindikuganiza kuti anaopa sizasi. Chinawaimitsa ndi mluzu, umene unayambanso kumbuyo kwanga. Amuna anga anali atatola chipewa n'kuchivala pamwamba pa bala. Tsopano mluzuwo unkanjenjemera, ukuduka wokha iwo n'kuulumikiza, chifukwa ankadziwa kuti ukaduka pamalo olakwika mwana sakhulupirira. Mwendo umene ankakoka mwadala poyamba tsopano ankaukoka zenizeni. Anadutsa saluni, anadutsa shopu ya mafoni, akuima pakhomo lililonse n'kutembenuza mutu ngati mufilimu muja. Ine ndinkayenda chobwerera m'mbuyo, kuyang'anizana ndi gulu. Dzuwa linali litawotcha malata onse, ndipo ndinkangoganiza kuti kulikonse kumene kali, kamwanako kakhala nthawi yaitali kopanda madzi.

Kumapeto kwa msewu kulibe china koma galaja. Makaniko anathamangira kutsogolo n'kuima pageti. Anati kwake anayang'anako kale iye mwini, ndipo munthu ameneyu sapondamo. Amuna anga anafika pamapazi pake penipeni, mluzu unakwera, kenako unaduka. Kugwa kwawo sindikudziwa ngati kunali kwa sewero. Mutu unagunda pansi, chipewa chinagubuduka mpaka kukaima patayala la galimoto ina.

"Tuluka, mwana iwe. Chipewa wagwa, sadzukanso."

Anagona pomwepo maso ali otseka. Ndinamva munthu wina kumbuyo kwanga akutsegula chitsekerero cha botolo, ndipo fungo la petulo linandifika. Ndinayamba kupemphera, koma mawu sankalumikizana.

Kuseri kwa galaja kuli minibasi yakufa, yopanda matayala, imene yakhala pamiyala kuyambira kale. Chitseko chake chinalira. Chinalira pang'ono, n'kusiya, n'kuliranso. Kenako kaphazi kopanda patapata kanatsika pansi.

Kanali katalowa pansi pa mpando wakumbuyo n'kudzifunditsa chisaka. Diresi linali litanyowa ndi thukuta, milomo itauma mbee, zopala za matabwa zikulendewera m'tsitsi. Kankayenda modzandira. Mayi ake anatambasula manja, koma iko kanawadutsa. Kanadutsanso malume ake amene anali atangoti kakasi pageti. Kanatola chipewa chija ndi manja awiri, kanafika pamene amuna anga anagona, n'kuwaphimba nacho kumaso mosamala, monga mmene zimathera. Kenako kanawagwedeza phewa.

"Dzukani, agogo. Masewero atha."

Katatero kanatembenukira kwa mayi ake n'kunena kuti kali ndi ludzu.

Mukudziwa chimene anthu aja anachita? Anaomba m'manja. Zoona, anaomba m'manja, ena mpaka kuimba mluzu womwe uja, kuseka, kuuzana kuti mwaona mmene anagwera, ndendende mufilimu. Omwe aja amene miyala inali idakali m'manja anangoitaya pansi mwakachetechete kuti apeze poombera. Tayala lija sindinaone amene analichotsa. Mayi wa saluni, mwana ali pachifuwa, anagwada pambali pa amuna anga n'kungoti, "Bambo." Makaniko anaima akuyang'ana minibasi yake ngati akuiona koyamba. Wosoka nsapato anakana kulandira chipewa chake, ati chili ndi magazi, amuna anga achisunge.

Ndinawatengera kunyumba atatsamira paphewa langa. Ndinawakhazika pakhonde, pakati pa matabwa osweka ndi misomali yomwazika, n'kuyamba kutsuka bala ndi madzi a mchere. Ndikutsuka choncho, pakamwa panatseguka. Ndinati tisamuka, tipita kwa mwana wathu, msewu uno sindiufunanso. Ndinati makaniko akayankha mlandu, ndipo aliyense amene analowa m'chipinda changa asadzabwerenso ndi nsalu yake pano. Ndinatukwana mlembi uja ndi mipando yake, kulikonse kumene ali, wamoyo kapena wakufa. Iwo anali ataika chipewa pabondo, akuchipukuta fumbi ndi chala.

Nditatopa, anakweza mutu pang'ono. Ndinkaganiza kuti anena za bala, kapena za wadilopu ya eni ake.

"Mayi," anatero, "mawu aja anatuluka bwino? Kachiwiri kaja ndinaona ngati ndafulumira."

Ndinafuna kuwamenya ndi beseni. Munthu watsala pang'ono kupsa ngati zinyalala, magazi ali pakhosi, akufunsa ngati mawu anatuluka bwino. Koma nditawayang'ana, maso awo anali akuwala ngati a mnyamata, ndipo ankadikiradi yankho. Mpando uja anaukonda, ndipo zaka zonsezi anali asanauze munthu. Ndinafinya kansalu m'beseni n'kuwauza zoona, kuti sanafulumire, anatuluka bwino kuposa mufilimu.

Sitinasamuke. M'mawa mwake ndinatulutsa makina pakhonde, iwo atamanga bandeji kumutu, akuimika benchi ndi kutola zida. Anaika thabwa latsopano la wadilopu n'kuyamba kupala. Pakati pa kupalako ndinamva mluzu. Sunali wa Chipewa, kanali kanyimbo chabe kopanda mutu, ka munthu amene ali pantchito. Phazi langa linaima pamakina. Ndinayang'ana kumsewu, kusaluni, kugalaja, kudikira kuti ndione amene atuluke. Mzimayi wina anadutsa ndi ndowa, sanatembenuke n'komwe. Iwo anasesera zopala zazitali kukhomo, ine ndinapitiriza kusoka.